Bulu wovala mizere ya mbidzi: mbiri ya alendo mu mzinda wa Tijuana

Munthu akakhala mu mzinda wa San Diego, kum'mwera kwenikweni kwa chigawo cha California ku Amereka, amatha kukwera kasitima kofiira koyendera magetsi, kamene kanayamba kuyenda mu 1981, n'kukatsikira pa siteshoni yomaliza ya San Ysidro. Njanji imathera pomwepo. Akayenda wapansi mphindi zochepa n'kuonetsa pasipoti, basi walowa m'dziko la Mexico, mu mzinda wa Tijuana. Dzinali eni ake amalitchula ngati "Tihuwana", pakuti j wa Chisipanishi amamveka ngati h.

Alendo ambiri akangolowa amalunjika ku msewu wotchuka wa Avenida Revolución. Kumeneko kuli mashopu ogulitsa zipewa zikuluzikulu ndi mabulangeti amawangamawanga, kuli mabala, malo odyera, ndi masitolo a mankhwala ochuluka kuposa m'mene mungaganizire. Koma chimene chinatchukitsa msewuwu kwa zaka zambiri ndi bulu woima patsogolo pa ngolo, wopakidwa penti ya mizere yakuda kuti aoneke ngati mbidzi. Mlendo amakwera pangolopo, amamuveka chipewa, amamujambula, iye n'kulipira. Masiku ano abuluwa achepa chifukwa omenyera ufulu wa nyama akhala akudandaula, koma chithunzi chawo chidakali chizindikiro cha mzindawu.

Ife amene mbidzi timazidziwa tikhoza kuseka, chifukwa ku Mexico kulibe mbidzi zam'tchire. Nanga penti ija inabwera bwanji? Ojambula akale amafotokoza kuti pa nthawi ya zithunzi zopanda mtundu, bulu wotuwa sankaoneka bwino pachithunzi, ankangoti mbuu. Ndiye wina anaganiza zomujambula mizere. Alendo anakondwera, ndalama zinalowa, mwambo unakhazikika. Ndikufuna ndikuonetseni kuti mbiri yonse ya alendo ku Tijuana ikufanana ndi bulu ameneyu. Zimene mlendo amapita kukaona, zambiri zinapakidwa chifukwa cha iye mwini. Pansi pa pentiyo pali nyama ina, yosenza katundu.

Mzere wa 1848

Anthu oyamba kukhala m'chigwa cha mtsinje wa Tijuana anali a mtundu wa Kumeyaay. Kenako kunabwera Asipanishi, ndipo dziko la Mexico litalandira ufulu mu 1821, boma linapereka malowa mu 1829 kwa Santiago Argüello kuti azifuyirapo ng'ombe. Famu yakeyo inkatchedwa Tía Juana. Pa nthawiyo kunalibe malire aliwonse pamenepa. San Diego, Los Angeles ndi San Francisco onse anali m'dziko la Mexico, n'chifukwa chake maina awo ndi a Chisipanishi mpaka lero.

Zinthu zinasintha ndi nkhondo ya pakati pa Amereka ndi Mexico kuyambira 1846 mpaka 1848. Mexico inagonja, ndipo pa 2 February 1848 maiko awiriwa anasainirana pangano la Guadalupe Hidalgo. Mexico inataya pafupifupi theka la dziko lake, Amereka n'kulipira madola 15 miliyoni. Aamereka ankafunitsitsa doko la San Diego, choncho mzere wa malire unajambulidwa kuyambira pagombe, pang'ono chabe kum'mwera kwa dokolo, n'kulunjika kum'mawa mpaka pamene mitsinje ya Gila ndi Colorado imakumana. Mzerewo unadula chigwa pakati. Unadulanso anthu a Kumeyaay, ena uku ena uko, monga m'mene mapangano a Azungu anagawira Achewa m'maiko atatu. Mu 1851 anaimika chipilala cha mwala woyera pafupi ndi nyanja chosonyeza poyambira malire. Chipilalachi chikumbukireni, tichipezanso kutsogoloku.

Famu ya ng'ombe ija tsopano inapezeka kuti ili pakhomo pa dziko lina. Mu 1874 boma la Mexico linaikapo ofesi yokhometsa msonkho wa katundu. Tsiku limene mzindawu umakondwerera kubadwa kwake ndi 11 July 1889, pamene mbumba ya Argüello inagwirizana zogawana malo ndi kulemba mapu a tauni. Komabe pa kalembera wa 1900 kunapezeka anthu 242 okha. Mudzi ndithu.

Ngakhale pa nthawiyo alendo anali atayamba kale kubwera. Ankafika pa ngolo za akavalo kuchokera ku San Diego, kudzasamba pa akasupe a madzi otentha, kudzagula tizikumbutso, ndi kudzatumiza positikhadi yodindidwa chidindo cha Mexico kuti akadzitame kwawo kuti anapondako kunja. Mu May 1911, pa nthawi ya nkhondo yosintha boma ku Mexico imene inayamba mu 1910, gulu lotsatira maganizo a Ricardo Flores Magón linalanda kamudzika. Ambiri m'gululo anali Aamereka ndi ena ochokera maiko akutali. Anthu a ku San Diego anakhamukira pamalire kudzaonerera nkhondoyo ngati akuonera mpira. Asilikali a boma anakalandanso kamudziko mu June chaka chomwecho. Mukuona kuti ngakhale imfa ya anthu inasanduka chionetsero cha alendo.

Choletsedwa uku, chololedwa uko

Chimene chinakulitsa Tijuana kwenikweni ndi malamulo a dziko la eni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku California kunabuka gulu la anthu ofuna kuyeretsa makhalidwe. Analetsa kubetcha pa mpikisano wa akavalo, anatseka nyumba za uhule, analetsa nkhonya zolipidwa. Koma lamulo limaletsa malonda, sililetsa chilakolako. Eni malondawo anangolongedza katundu n'kusamukira kutsidya la mzere uja, mtunda wa makilomita ochepera 30 kuchokera pakati pa San Diego.

Mu 1915 mzinda wa San Diego unachititsa chionetsero chachikulu chokondwerera kutsegulidwa kwa ngalande ya Panama. Kunabwera anthu ochuluka zedi. Tijuana nayo inakonza chionetsero chake chokhala ndi zonse zimene zinali zoletsedwa kutsidya: juga, nkhonya, kumenyanitsa atambala, ndi masewera olimbana ndi ng'ombe zamphongo. Pa 1 January 1916 Mwamereka wina, James Coffroth, anatsegula bwalo la mpikisano wa akavalo pafupi ndi malire. Patangopita masabata ochepa mtsinje unasefukira n'kuliwononga, koma analikonzanso msanga, poti ndalama zinali zitanunkhira.

Ndiye mu January 1920 kunabwera lamulo lalikulu loletsa kufulula ndi kugulitsa mowa m'dziko lonse la Amereka. Kwa Tijuana ili linali dzinja la mvula yabwino. Msewu waukulu uja unadzaza ndi mabala mbali zonse ziwiri. Bala ina yotchedwa La Ballena, kutanthauza namgumi, inkadzitama kuti tebulo lake lomwerapo ndi lalitali kuposa onse padziko lapansi. Pa masiku a tchuthi magalimoto ankandandalikana kuchokera ku San Diego mpaka pachipata.

Pa nthawi imeneyi ndi pamene panabadwa chakudya chimene lero chimapezeka m'mahotela padziko lonse. Caesar Cardini, wochokera ku Italy, ankakhala ku San Diego koma malo ake odyera anawaika ku Tijuana kuti azitha kugulitsa mowa. Malinga ndi kufotokoza kwa mwana wake wamkazi, pa 4 July 1924 alendo anachuluka mpaka zakudya zinatsala pang'ono kutha. Cardini anatenga zimene zinatsala, letesi, mazira, mafuta a azitona, tchizi ndi zidutswa za buledi wokazinga, n'kuzisakaniza pamaso pa odyawo. Imeneyo ndiye saladi ya Caesar. Taonani bwino: wophika wa ku Italy, odya a ku Amereka, nthaka yokha ndiyo ya Mexico.

Umu ndi m'mene zinthu zinaliri pafupifupi paliponse mu msewuwo. Eni mabala ndi nyumba za juga ambiri anali Aamereka, makasitomala Aamereka, ndalama yogwiritsidwa ntchito inali dola, ndipo ntchito zabwino zambiri ankapatsana okhaokha mpaka mabungwe a antchito a ku Mexico anachita kulimbana kuti nawonso alembedwe. Phindu lalikulu linkawolokera kumpoto. Chimene chinkatsala kum'mwera ndi dzina loipa. Alaliki a ku Amereka ankautcha mzindawu bwalo la masewera la Satana, osafunsa kuti osewerawo akuchokera kuti. Mu 1926 boma la Amereka linalamula kuti chipata chizitsekedwa 6 koloko madzulo, poganiza kuti anthu azibwerera msanga. Anthuwo anangoyamba kugona konko, mahotela n'kuchuluka.

Tisanamize kuti akuluakulu a ku Mexico analibe mbali. Abwanamkubwa a chigawochi, Esteban Cantú ndipo pambuyo pake Abelardo L. Rodríguez, ndiwo ankapereka ziphaso ndi kutolera misonkho. Ina mwa misonkhoyo inamanga misewu ndi masukulu m'dera limene boma la ku likulu linkaliiwala. Koma Rodríguez mwiniwake analemera kwambiri, ndipo malo amene panamangidwa nyumba yotchuka kuposa zonse anali ake.

Nyumba ya juga isanduka sukulu

Nyumbayo inali Agua Caliente, kutanthauza madzi otentha, chifukwa inamangidwa pa akasupe aja. Inatsegulidwa mu June 1928 ndi Aamereka atatu, Wirt Bowman, Baron Long ndi James Crofton. Panali hotela, nyumba ya juga, malo osambira, bwalo la gofu ndi potera ndege, ndipo mu December 1929 anawonjezerapo bwalo latsopano la akavalo. Akatswiri a mafilimu a ku Hollywood ankabwera kumapeto a sabata. Mtsikana wina, Margarita Cansino, ankavina kumeneko ndi bambo ake asanatchuke ndi dzina loti Rita Hayworth. Mu March 1932 kavalo wotchuka wa ku Australia, Phar Lap, anapambana mpikisano waukulu pa bwalolo, n'kukafera ku California patangotha masabata awiri. Chaka chomwecho Rodríguez anakhala pulezidenti wa Mexico mpaka 1934.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 1933 California inalolanso kubetcha pa akavalo, ndipo pa 5 December chaka chomwecho lamulo loletsa mowa linathetsedwa. Munthu wa ludzu analibenso chifukwa choyendera ulendo wautali. Kenako mu 1935 pulezidenti watsopano, Lázaro Cárdenas, analetsa nyumba za juga m'dziko lonse la Mexico. Agua Caliente inatsekedwa itangogwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Antchito ambiri anataya ntchito ndipo sanakondwere n'komwe. Boma linalanda nyumbazo n'kuzisandutsa sukulu yophunzitsa ntchito zamanja. Zambiri mwa nyumba zakalezo zinapsa ndi moto kapena kugwetsedwa m'zaka zotsatira, koma pamalopo lero pali sukulu ya boma yotchedwa Preparatoria Federal Lázaro Cárdenas, ndipo nsanja yaitali yokongoletsedwa ndi timatailosi idakaimabe pakati pa ana asukulu. Pamene anthu olemera ankataya chuma usiku umodzi, ana a anthu wamba akuphunzira masamu.

Mzinda wa antchito

Alendo anabweranso pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. San Diego inali itasanduka likulu la asilikali apamadzi, ndipo anyamata zikwizikwi okhala ndi malipiro m'thumba ankawoloka madzulo kukasangalala. Dzina loipa lija linakulirakulira.

Koma pa nthawi yomweyo kunkafika anthu ena amene sanabwere kudzasangalala. Mu 1942 maiko awiriwa anapangana kuti amuna a ku Mexico azipita kukagwira ntchito m'minda ya ku Amereka pa kontirakiti, pulogalamu yotchedwa Bracero. Anthu ochokera m'midzi ya kutali anakhamukira kumalire, ena ndi mabanja awo. Amene sanapeze mwayi wowoloka anakhazikika pompo. Mu 1952 Baja California inakhala chigawo chodziimira pachokha m'chitaganya cha Mexico. Pulogalamu ya Bracero itatha mu 1964, amuna ambiri anabwerera kumalire opanda chochita. Choncho mu 1965 boma linalola makampani akunja kumanga mafakitale pafupi ndi malire, kulowetsa zipangizo popanda msonkho, kuzilumikiza ndi manja otsika mtengo, n'kutumiza katunduyo kumpoto. Mafakitalewa amatchedwa maquiladora, ndipo poyamba olembedwa ambiri anali atsikana ndi amayi. Makampani monga Sony ndi Samsung anamanga mafakitale awo, mpaka m'zaka za m'ma 1990 Tijuana inkatchedwa likulu la ma TV padziko lonse. Masiku ano ikudziwikanso ndi kupanga zipangizo zachipatala.

Anthuwa anamanga nyumba zawo m'mapiri ndi m'zigwembe zozungulira tauni, ena pogwiritsa ntchito matayala akutha ndi zitseko zakale za magalaja zotayidwa ku California. Pa kalembera wa 2020 dera la Tijuana linali ndi anthu oposa 1.9 miliyoni, kuposa dera lina lililonse la khonsolo ku Mexico. Yerekezani ndi anthu 242 aja. Mlendo amene amayenda mu msewu umodzi kwa maola atatu n'kubwerera saona chilichonse cha zimenezi. Ameneyu ndiye bulu weniweni wosenza katundu.

Chaka cha 1994 n'chofunika kuchikumbukira. Pa 1 January pangano la malonda la NAFTA linayamba kugwira ntchito, katundu n'kumawoloka mosavuta. Pa 23 March Luis Donaldo Colosio, amene ankayembekezeka kupambana pa chisankho cha pulezidenti, anawomberedwa pa msonkhano m'dera la Lomas Taurinas mu Tijuana momwemo. Mu October boma la Amereka linayamba ntchito yokhwimitsa malire yotchedwa Operation Gatekeeper, kuwonjezera alonda, magetsi ndi mipanda pa mpanda wa malata achitsulo otsala ku nkhondo umene unali utaimikidwa kale. Katundu anamasulidwa, anthu anamangidwa. Ofuna kuwoloka mozemba anayamba kudzera m'mapiri ndi m'chipululu chakum'mawa, kumene ambiri afa ndi ludzu.

Alendo atathawa

Pambuyo pa chiwembu cha pa 11 September 2001, kubwerera ku Amereka kunayamba kutenga maola ambiri pamzere. Mu 2008 magulu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo anayamba kuphana poyera polimbirana njira, ndipo anthu oposa 800 anaphedwa chaka chimenecho. Pomwepo chuma cha Amereka chinagwa. Mu 2009 kunabwera chimfine cha H1N1, ndipo kuyambira June chaka chomwecho nzika za Amereka zinayamba kufunsidwa pasipoti pobwerera kwawo, pamene kale zinkangonena pakamwa kuti ndi nzika. Avenida Revolución inangoti zii. Mashopu ambiri anatsekedwa. Ngakhale malo odyera a Caesar anatsekedwa mu 2009.

Apa ndi pamene panachitika chinthu chosangalatsa. Alendo atasowa, eni mzinda anayamba kuutenga msewu uja ngati wawo. Achinyamata anachita lendi timashopu totsekedwa m'tinjira monga Pasaje Rodríguez n'kutisandutsa malo oonetsera zojambula ndi ogulitsira mabuku ndi khofi. Ophika anayamba kutchuka ndi zakudya za nsomba ndi ndiwo zam'deralo, ena n'kumafulula mowa wawowawo. Banja lina la ophika a mumzindamo, a Plascencia, linatsegulanso malo a Caesar mu 2010. Alendo atayamba kubwerera anapeza malo okonzedwa ndi eni ake, mokomera eni ake. Pali chikhalidwe chimene chinalipo kale koma osachiona, mwachitsanzo nyumba ya zaluso ya CECUT yooneka ngati mpira waukulu, imene inatsegulidwa mu 1982.

Sindikunena kuti mavuto anatha. Mu 2018 anthu oposa 2,000 anaphedwa mu mzindawu, chiwerengero choopsa kuposa cha 2008. Ambiri mwa ophedwa ndi anthu a m'madera osauka, kutali ndi msewu wa alendo. Ndipo nkhani yake ndi yomwe ija ya 1920: msika waukulu wa mankhwalawo uli kumpoto, mfuti zambiri zimachokera kumpoto, maliro ndiwo amachitika kum'mwera. Ngakhale alendo a masiku ano amakankhidwa ndi zochitika kwawo. Ambiri amawoloka kukachotsa kapena kukatsekera mano, kukagula mankhwala ndi magalasi a maso, chifukwa ku Amereka chithandizo chotere n'chodula kwambiri. Kale ankathawa lamulo la mowa, lero akuthawa bilu ya chipatala.

Ulendo wobwerera

Mlendo wofuna kumvetsa mzindawu akwere takisi apite kugombe, ku Playas de Tijuana. Kumeneko mpanda wa zitsulo umatsika phiri, kudutsa pamchenga, n'kulowa m'nyanja ya Pacific. Chipilala cha 1851 chija chili pomwepo, tsopano chimatchedwa nambala 258, ndipo munthu amatha kuchikhudza ali mbali ya Mexico. Mu August 1971 Pat Nixon, mkazi wa pulezidenti wa Amereka, anadzatsegula paki pamalowa, pamene malire anali waya waminga chabe, ndipo anapereka moni wa padzanja kwa anthu a kutsidya. M'zaka zotsatira mabanja olekanitsidwa ankakumana pamenepo, kumalankhulana kudzera pa sefa yachitsulo yothina moti ankangokhudzana nsonga za zala. Mbali ya Amereka inatsekedwa mu 2020, ndipo mu 2023 anayamba kuimikapo mipanda yotalika mamita 9. Mbali ya Mexico anthu anapaka mpandawo utoto wowala, amagulitsa chimanga chootcha ndipo ana amasewera m'madzi.

Madzulo mlendo amabwerera ku San Ysidro. Polowa zinamutengera mphindi, potuluka aima pamzere, nthawi zina maola awiri kapena atatu. Malinga ndi boma la Amereka, pa chipata chimenechi pamadutsa magalimoto pafupifupi 70,000 ndi oyenda pansi pafupifupi 20,000 tsiku lililonse kupita kumpoto. Ambiri ndi antchito ndi ana asukulu amene amagona ku Tijuana chifukwa lendi ya ku San Diego sangaikwanitse. Pambali pa mzerewo pali ena amene sadzaimapo. Pali obwezedwa ku Amereka atakhalako zaka zambiri, osiya ana kutsidya. Pali anthu a ku Haiti amene anafika mwaunyinji mu 2016, a ku Honduras ndi maiko oyandikana nawo amene anafika pa gulu lalikulu mu November 2018, a ku Ukraine mu 2022, ngakhalenso abale athu a ku Cameroon ndi maiko ena a mu Africa. Nyumba ya Casa del Migrante, imene ansembe Achikatolika anatsegula mu 1987, yakhala ikuwalandira ndi kuwadyetsa. Onsewa ndi alendo mu mzinda umodzi. Kusiyana kwawo ndi kabuku kamene wina ali nako m'thumba ndipo wina alibe.

Pa chizindikiro cha mzindawu panalembedwa mawu a Chisipanishi otanthauza kuti dziko lathu layambira pano. Woyang'ana kuchokera kumpoto amaona pothera njanji, malo okachitirako zimene sangachite kwawo. Wobadwira pamenepo amaona pakhomo pa nyumba yake. Choncho abale anga, wina mwa inu akadzapeza mwayi wofika kumeneko, akajambulitse ndithu ndi bulu uja ngati adzamupeze, alipire mwini wake mosanyinyirika poti ndi m'mene amadyetsera ana, akalawe ndi saladi ya Caesar. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Asathamangire kukaima pamzere. Afunse njira ya ku sukulu ya nsanja yaitali ija, akafike cha m'ma 2 koloko masana, akaone ana ali ndi zikwama kumsana pamene kale ankaponyerapo juga.